Malangizo kwa Ofuna Kuti Wailesi ndi Kompyuta Zisamvane

Wailesi ya anthu okonda kulankhulana pa mafunde ndi chipangizo chodzimva. Munthu wa ku Nsaru akamangirira waya wa mamita 10 pakati pa mtengo wa bulugama ndi chigafa, mawati 20 okha amatha kufikitsa uthenga wake ku Japan kapena ku Brazil. Koma wailesi yomweyo ikapemphedwa kuti ilonjerane ndi laputopu imene yakhala nayo pa tebulo limodzi, imangoti duu, ndipo pa sikirini pamatuluka kabokosi kolembedwa kuti Rig Control Error. Kabokosiko sikatchula cholakwika. Kamangolengeza maliro, wodwalayo osamutchula dzina.

Anthu a ntchitoyi ndi ochepa m'Malawi muno. Amatenga laisensi ku MACRA, ndipo dzina lawo la pa mafunde limayamba ndi 7Q. Kuchepa kwawoko n'kumene kumawachititsa kukhala osowa padziko lonse, mpaka mu 2018 gulu la ku Ireland linabwera ndi zida zake kudzaulutsa ngati 7Q7EI kuti anzawo akunja alembe nawo Malawi m'mabuku awo. Masiku ano ambiri amafuna FT8, njira yotumizira timauthenga tatifupi imene Joe Taylor, wopata mphoto ya Nobel mu 1993, anapanga ndi Steve Franke mu 2017. Imayenda pa pulogalamu ya WSJT-X, ndipo kuti iyende bwino kompyuta iyenera kuwerenga pamene wailesi yatcheredwa, kuisintha, n'kuiuza nthawi yoyamba kutumiza. Kulamulira kumeneku kumatchedwa CAT, a kampani ya mawailesi ya Icom amati CI-V. Mu pulogalamuyo muli batani la Test CAT: zikagwirizana limabiriwira, zikakanika limafiira.

Malangizo otsatirawa ndi a munthu amene akufuna kuti batanilo likhalebe lofiira mpaka msika wa fodya utatsekedwa.

Lamulo loyamba: akayikire chodula, chotchipa achisiye

Munthu waulemu wake sayamba ndi chingwe. Ayambe n'kuganiza kuti wailesi yapsa m'kati, kenako aikwezetse pa kabaza wa njinga yamoto kupita nayo pa Mpingu kapena pa Namitete, kwa mnyamata wokonza mafoni. Mnyamatayo wailesi yotere sanaionepo, koma sadzasowa chonena. Adzaitembenuza kawiri, kuinunkhiza, n'kutembenukira kwa laputopu.

"Madala, apa vuto ndi mavairasi. Iyi ikufunika kuifomata."

Mwini wake avomere. Kufomata kumachotsa ma driver onse amene anali bwinobwino, pamodzi ndi buku la masiteshoni onse amene analankhulana nawo, choncho munthu amabwerera kwawo ndi mavuto atatu m'malo mwa limodzi, ndalama ya kabaza itapita.

Chimene asayerekeze kuchita n'kutsegula Device Manager, kuyang'ana pa mzere wa Ports, kuzula chingwe n'kuchibwezeranso. Ngati palibe chikusowa kapena kutulukira pa mzerewo, kompyuta sikuiona n'komwe wailesiyo, ndipo kusintha manambala mu WSJT-X n'kutaya nthawi. Zingwe zambiri zotchajira mafoni zili ndi mawaya awiri okha a magetsi, a uthenga mulibe. Pa wailesi ya IC-705, imene imalowa chingwe chonga cha foni, chingwe choterechi ndicho chimasokoneza kawirikawiri. IC-7300 imafuna chingwe cha printa. Kuyesa zonsezi sikutha ngakhale mphindi imodzi, n'chifukwa chake n'kosayenera munthu wamkulu.

Lamulo lachiwiri: chingwe agule kwa amene alibe adiresi

Mawailesi akale amafuna chingwe chokhala ndi kachipu m'kati, komasulira pakati pa USB ndi wailesi. Tichipu todziwika ndi ta FTDI, Prolific, Silicon Labs ndi CH340, ndipo tiwiri toyambato tinakoperedwa mwachinyengo kwambiri moti eni ake anakwiya. Mu Okutobala 2014 a FTDI anatulutsa driver imene inkalemala tichipu tabodza, ndipo anaichotsa anthu atadandaula. A Prolific anangokonza driver yawo kuti izikana tichipu tabodza ndi takale, n'kusiya chizindikiro chachikasu ndi Code 10, kapena mawu olangiza munthu kuti akafunse kwa amene anamugulitsa.

Malangizo amenewo ndi abwino zedi. Amene anamugulitsa anali atayala katundu wake pa thumba ku msika wa Tsoka ku Lilongwe, pakati pa ogulitsa nsapato, ndipo anatsimikiza kuti chingwecho ndi orijino. Wogula akwere minibasi makilomita oposa 40 kuchoka ku Namitete, akamufune. Akapeza pamalopo pali wogulitsa masokosi, afunse za driver kwa iyeyo.

Timawailesi ta m'manja ta Baofeng, tomwe alonda ambiri amanyamula, tili ndi nthenda yomweyi potitchera ndi pulogalamu ya CHIRP. Tili ndi inanso yake: pulagi ya mano awiri imaoneka ngati yalowa isanalowe yonse. Aikankhe mwaulemu, isamve kuwawa.

Lamulo lachitatu: nambala ya COM aisankhe mwa chikhulupiriro

Windows imapatsa chingwe chilichonse nambala, COM3, COM7, COM12. Zingwe zotchipa zambiri zikasunthidwa kuchoka pa bowo lina la USB kupita pa lina, nambala imasintha. Choncho mwini wailesi azisintha bowo tsiku lililonse, koma mu pulogalamu asiye nambala ya chaka chatha. Wa Yaesu FT-991A ali ndi mwayi woposa, poti wailesi yake imatulutsa ma COM awiri nthawi imodzi: Enhanced, ya CAT, ndi Standard, yoyatsira kutumiza. Asankhe yachiwiriyo, chifukwa dzina lake likumveka lodzichepetsa.

Atsegulenso mapulogalamu atatu pamodzi, ya FT8, yolembera masiteshoni, ndi ina imene anaiwala kuti imadzitsegula yokha kompyuta ikayaka. COM imodzi imagwiridwa ndi pulogalamu imodzi basi, yofika mochedwa imabwezedwa. Pali mapulogalamu opangidwira kugawa, monga flrig, OmniRig, ndi rigctld ya Hamlib imene imamvetsera pa 4532, ndipo onse ndi aulere. Zaulere n'zokayikitsa.

Lamulo lachinayi: liwiro lisafanane

Pa nkhani ya baud rate, wailesi ndi kompyuta zili ngati wotchula mitengo ku okushoni ya ku Kanengo ndi mlimi wa ku Kabudula amene wafikako koyamba: mawu akutuluka, khutu lilipo, koma chomveka palibe, belo lapita kale. FT-991A imachoka ku fakitale ili pa 4800, pamene malangizo ambiri a pa intaneti amati 38400. Manambala onsewa ndi abwino, bola akhale ofanana mbali zonse ziwiri. Wotsatira malangizo ano asinthe mbali imodzi yokha.

Za Icom zili ndi adiresi yakeyake: IC-7300 ndi 94, IC-705 ndi A4. Za Yaesu zakale monga FT-817 ndi FT-857 zimafuna ma stop bit awiri. Pa mndandanda wa mawailesi mu pulogalamu, asankhe iliyonse imene nambala yake ikuyandikira, poti abale sasiyana kwenikweni. Ndipo posintha, asinthe zinthu zisanu nthawi imodzi. Zikatheka sadzadziwa chimene chathandiza, zikakanika sadzadziwa pobwerera, ndipo mbali zonse ziwiri ulemu wake usungika.

Lamulo lachisanu: batire ya galimoto yakufa ndi yokwanira

Nthenda yokoma kwambiri ndi iyi: pomvetsera zonse zili bwino, batani labiriwira, masiteshoni a ku Ulaya akutsika pa sikirini. Wailesi ikangoyamba kutumiza, kompyuta imalira kuti chingwe chazulidwa, palibe wachikhudza.

Apa mwini wake akumbukire mnansi amene anakangana naye za malire a munda. Akumbukirenso kadzidzi amene analira pa denga sabata yatha.

Asakumbukire kuti IC-7300 imafuna mavoti 13.8, kuti pansi pa 11.7 yatuluka kale m'malire ake, ndipo pa mawati 100 imakoka mpaka ma amp 21. FT8 imakoka mosapumira kwa masekondi oposa 12 pa ulendo uliwonse. Batire imene inapuma pa ntchito mu minibasi, n'kumatchajidwa ndi kasola kamodzi m'nyengo ya mitambo, imagwada pomwepo. Chinanso ndi mafunde a wailesi yomweyo, amene amabwerera m'nyumba n'kulowa m'chingwe cha USB, makamaka mlongoti ukakhala pafupi ndi malata. Kusiyanitsa ziwirizi n'kosavuta. Mita ikaikidwa pa batire potumiza, mavoti amaoneka akugwa. Wailesi ikalumikizidwa ku dummy load m'malo mwa mlongoti, vuto n'kutha, ndiye kuti ndi mafunde, ndipo mankhwala ake ndi kukulunga chingwe kangapo pa mkombero wa ferrite, wa mtundu wa 31 ukapezeka, kufupikitsa chingwecho, ndi kutsitsa mphamvu kufika pa mawati 20 kapena 30. Koma kutsitsa mphamvu n'kuvomera kugonja. Aikweze mpaka pamapeto, awonjezerepo inveta yotchipa ndi chaja ya laputopu ya pamsika, kuti phokoso lidzaze bandi yonse.

Apa nthabwala ziyambe zaima kaye. Wailesi ya madola oposa 1,000 siyenera kusiya mwini wake akulosera. Pulogalamu imatha kusiyanitsa COM imene kulibe, COM imene yagwiridwa ndi pulogalamu ina, ndi wailesi imene sikuyankha, koma munthu imamupatsa mawu achingerezi cha amisiri amene samuuza choti agwire. Olemba malangizo ku Ulaya ndi ku America amangoti munthu atsitse driver yatsopano, aitanitse ferrite ifika mawa. Ku Nambuma kutsitsa driver ndi bandulo, ndi kusaka pamene netiweki ikugwira. Kuitanitsa kanthu kunja ndi ndalama zakunja zimene zikusowa, pa kwacha imene inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kenako kudikira masabata. Ntchito imene imadzitama kuti imagwira pamene mafoni ndi intaneti zafa yafika poti singayambe popanda intaneti. Zimenezi sizoseketsa, n'zopsetsa mtima, ndipo n'zimene zimagwetsa ulesi mwana wa sukulu ya zaluso ku Namitete amene akanatha kuikonda ntchitoyi.

Lamulo lachisanu ndi chimodzi: nthawi afunse kwa kondakitala

FT8 imasinthana masekondi 15 aliwonse, ndipo wotchi ya kompyuta ikaphonya ndi masekondi angapo, sikirini imadzaza ndi mizere ya masiteshoni pa 14.074 MHz koma palibe liwu limodzi lomasuliridwa. Malaputopu a kaunjika ambiri amafika kabatire kawo kosunga nthawi katatha, choncho akazima amadzuka ali m'chaka china. Wotchi aitchere ndi dzanja, moyerekeza, pofunsa kwa amene amati minibasi inyamuka pompano. Kagawo ka DT mu WSJT-X kamaonetsa kuphonyako, ndipo kachipangizo ka GPS kolowa pa USB kamakonza nthawi popanda bandulo, ngakhale kuti nthawi zina Windows imakayesa mausi, kamuvi n'kuyamba kuvina pa sikirini pokha. Zikatero abwererenso kwa mnansi uja.

Malamulo otsalawa ndi odziwika kale. USB Audio CODEC aisiye ikhale sipika yaikulu ya kompyuta, kuti kulira kwa Windows ndi kwaya ya pa YouTube zimveke pa mafunde pamene nyimbo n'zoletsedwa. Aletse mapulogalamu kugwiritsa ntchito maikolofoni, kenako adabwe kuti WSJT-X yagontha. RTS ndi DTR azisiye mmene zilili, kuti wailesi iziyamba kutumiza yokha kompyuta ikamayaka. Wa Linux asadzilowetse m'gulu la dialout. M'dzinja, mabingu akayamba kugunda cha ku Mchinji, mlongoti ausiye wolumikiza, kuti wailesi, chingwe ndi laputopu zigwirizane kamodzi kokha pa moyo wawo.

Lamulo lomaliza: asalembe kanthu

Tsiku lina, mwangozi, batani lidzabiriwira n'kukhalabe lobiriwira. Dzina la 7Q ndi malo a KH66, mmene muli Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, zikangotuluka pa mafunde, masiteshoni a ku Italy, ku Germany ndi ku Japan adzaunjikana kuitana, aliyense akufuna Malawi. Mwini wake asangalale, aitane a m'nyumba ndi ana adzaone.

Asatenge kope n'kulembamo nambala ya COM, baud rate, adiresi ya wailesi ndi dzina la driver. Asajambule sikirini ndi foni. Asasunge driver yogwirayo pa fulashi. Asadonthezere kyuteksi pa bowo la USB limene lagwira ntchito. Zimenezo n'za anthu okayikira mutu wawo. Iye angotseka laputopu, ndipo m'mawa aphunzitsi aakulu a pa sukulu yoyandikana nayo akatuma mwana kuti, "Akuti mutibwerekeko chingwe cha printa, tikusindikiza mayeso," achipereke ndi manja awiri, asafunse kuti chibwera liti.