Safunsa Anadya Phula pa Kompyuta

Chikalata chofotokoza zimene pulogalamu ya kompyuta iyenera kuchita, chomwe akatswiri amachitcha functional requirements specification, chimalembedwa ntchito isanayambe. Chifukwa chake makolo anachinena kalekale: safunsa anadya phula. Kasitomala akati akufuna "sisitimu yabwino", wopanga mapulogalamu wa phuma amangogwedeza mutu n'kuthamangira pa kompyuta. Miyezi ikapita, awiriwo amapezeka akulozana zala, phula lili m'kamwa.

Ntchito yolemba chikalatachi imayamba ndi mafunso. Adzagwiritse ntchito pulogalamuyi ndani? Adzalowetsamo chiyani, ndipo chotuluka chidzakhala chiyani? Netiweki ikaduka ndalama zili m'njira, zibwerere kwa yani? Wofunsidwa asakhale bwana yekha. Bwana amangosayina cheke, koma wodzalimbana ndi mabatani tsiku ndi tsiku ndi kalaliki.

Mayankho amalembedwa limodzilimodzi, lililonse ndi nambala yake. Muyezo wa IEEE 830, umene unalowedwa m'malo ndi ISO/IEC/IEEE 29148 mu 2011, unkafuna kuti mfundo iliyonse ikhale ndi tanthauzo limodzi komanso izitheka kuyesedwa. Mfundo yoti pulogalamu ikhale yosavuta siyeseka, pakuti chosavuta kwa mdzukulu chimawatulutsa thukuta agogo. Koma yoti munthu akalakwitsa pasiwedi katatu akaunti itsekedwe, aliyense angathe kuiyesa.

Kenako mfundozo zimasanjidwa. Njira ya MoSCoW imazigawa panayi: zosalephereka, zoyenera kukhalapo, zongokometsera, ndi zodikira ulendo wina. Chovuta n'chakuti kwa kasitomala zonse zimagwera m'gulu loyamba, ngakhale mtundu wa batani.

Kulemba kokha sikukwanira. Mu 1999 bungwe la NASA linataya chombo cha m'mlengalenga cha Mars Climate Orbiter. Chikalata chinalamula kuti mphamvu zowongolera chombo ziziwerengedwa mu newton-seconds, koma pulogalamu ya kampani ya Lockheed Martin inkatulutsa manambala mu pound-force seconds. Chombocho chinatsika mopitirira muyeso pofika ku Mars, ndipo sichinamvekenso. Papepala panalembedwa uchi ndithu, koma pakudya sanayang'anepo.

N'chifukwa chake mbali zonse zimasayina chikalatacho, oyesa pulogalamu amachitsata mfundo ndi mfundo, ndipo kusintha kulikonse kumalembedwa pamodzi ndi nthawi ndi ndalama zake. Kasitomala akabwera ntchito ili mkati kuti awonjezereko "kanthu kakang'ono chabe", amaonetsedwa mtengo wake. Kawirikawiri kanthuko kamapezeka kuti kangathe kudikira chaka chamawa.