Ulemu kwa Mfumu ya Ulendo, Mwana wa Zaka Ziwiri

Akuluakulu atamandidwa mokwanira. Omanga milatho mayina awo ali m'mabuku, otsegula mafakitale zithunzi zawo zili pamakoma. Lero tiwombe m'manja chifukwa cha munthu amene palibe anamulembapo, chonsecho ulendo wa banja lonse umayendera mawu ake: mwana wa zaka ziwiri, mfumu yovala thewera.

A ku Ulaya akafuna kuonetsa ana madzi ndi nyumba zakale amapita ku Bruges kapena ku Venice, kumene mabwato amayenda m'ngalande pakati pa nyumba. Ife a mu Lusaka tili ndi Kafue, makilomita pafupifupi 45 kummwera, pamsewu wopita ku Chirundu ndi ku Livingstone. Munthu wamba mtunda umenewu amaudula pa ola limodzi. Mfumu yathu sikonda phuma. Pa Chilanga imalamula kuti tiime, yamva ludzu. Tisanafike pa toll gate ya Shimabala imalengeza, mwa fungo lokha, kuti thewera ladzaza. Ndaninso angaimitse galimoto popanda yunifolomu, popanda ngakhale kukweza mkono?

Nzeru zake zimaonekera pa mlatho wa njanji. Abambo ake amaima chilili, kuloza zitsulo, n'kuyamba kuphunzitsa: mlathowu unamangidwa mu 1906, njanji ikuchokera ku Livingstone kulowera ku Broken Hill, Kabwe wa lero, ndi wautali mamita 427, zigawo zake 13. Tonse timagwedeza mitu ngati tikumva. Mfumu yokha ndiyo sidziwa chinyengo. Yafulatira mlathowo, yakhala pansi m'fumbi, yatola chitsekerero cha botolo. Ikuchitembenuza uku ndi uku, kuchipukuta pamalaya, kuchinunkhiza, kenako kuchiponya m'kamwa kuti kafukufuku athe bwino. Amake akachitulutsa ndi chala, mfumu imakuwa kuti tsidya lina amve, ndipo phunziro la mbiri yakale limathera pomwepo. Mumtima tonse timathokoza, abambo ake okha ndiwo ayi.

Nanga kulimba mtima! Mtsinje wa Kafue wayenda makilomita oposa 1,500 kuchokera kumalire a Congo mpaka kukathira mu Zambezi, ndipo muli ng'ona ndi mvuu. Akuluakulu timaimira patali. Mfumu ikaona namasupuni atayala pamadzi, udzu womwe umasautsa asodzi ndi a magetsi ku Kafue Gorge, imaganiza kuti ndi bwalo la masewera n'kuliyatsa liwiro. Apa m'pamene timaona mphamvu yake ya uchiritsi. Agogo, amene adandaula za maondo njira yonse, amadzambatuka, chitenje m'manja, n'kuigwira phazi litatsala pang'ono kuponda matope. Mankhwala opaka analephera, mdzukulu wachiza.

Ndi yachilungamonso. Madzi ambiri amene timamwa mu Lusaka amapopedwa mumtsinje womwewu, pa Iolanda. Mfumu ikalanda botolo lomwe tinadzaza kunyumba n'kulikhuthulira m'mphepete, musaikalipire. Ikubweza ngongole.

Za chuma ndiye musanene. Kafue ndi tauni ya mafakitale: Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kupanga feteleza mu 1970, ndipo Kafue Textiles inkalemba anthu ambiri ntchito isanatsekedwe. Koma pa Loweruka amene amayendetsa ndalama pamsika ndi mfumuyi. Imalozera chitumbuwa, timagula; imaluma kamodzi, kuponya pansi, kulozera chimanga chootcha. Amake amakhala akuchotsa minga pansomba, kamnofu kamodzikamodzi, kupemerera kuti kazizire. Akamaliza, mfumu imapukusa mutu, ikufuna nsima yokha. Nsima ikabwera imaipaka m'tsitsi. Amayi ogulitsa apindula, nkhuku zakhuta, galu wa pamsika wapeza bwenzi.

Ndipo pakanapanda iyo tikanacheza ndi ndani? Ife timadutsa anthu ngati mitengo. Mfumu imapisa dzanja m'beseni la msodzi n'kutulutsa nsomba ikadaphiriphitha.

"Pepani bambo, ndi mwana," amatero amake.

"Musiyeni mayi, wasankha yabwino. Mulipira zingati?"

Timagula nsomba yomwe sitinaifune, msodzi n'kutiuza mbali imene mvuu zimakonda kutulukira.

Chomaliza ndi bwato. Mfumu yalirira bwato kuyambira m'mawa, yadzigwetsa pansi, yagubuduka. Talipira, taiveka jekete lopulumutsira lomwe likuifika m'makutu. Injini itangolira, mutu wagwera pachifuwa cha amake. Mvuu zavuuka, zayasamula, zamira. Mlatho tauonera pansi pake. Mfumu ili mkonono, dovu likutsikira pabulauzi. Imadzuka tikutsika, n'kufunsa kuti bwato lili kuti. "Amake mwana, kodi tinadzeranji kuno?" amafunsa abambo ake. Palibe woyankha, aliyense akusakasaka botolo la mkaka.

Choncho inu amene mukukonza zopita ku Kafue, musamusiye mwana kwa azakhali ake poti avuta. Mtengeni. Nyamukani m'mamawa, onjezerani matewera pa amene mwawerenga, chitenje chimodzi mubise chobwererera, ndipo pamtsinje dzanja lake lisachoke m'dzanja lanu.