Mtchona wa Mafani Awiri

Pa zida zonse zimene munthu wa m'thumba mopepuka amatolera akafuna kudzipangira kompyuta yosewerera magemu, palibe chimene chimadyedwa miseche ngati graphics card ya kaunjika. Purosesa amaitchula dzina ndi nambala yomwe, mwaulemu. RAM amaiwerenga magigabayiti mokweza kuti anzawo amve. Ngakhale bokosi, limene ntchito yake n'kungoima, amalijambula n'kuliika pa status. Koma khadi lakale, limene lasenza gemu yonse pamutu, limakumbukiridwa pokhapokha likayamba kulira. Ine ndaimirira kuti ndiliikire kumbuyo, ndipo ndilitchula dzina lonse monga ayenera kutchulidwira akuluakulu: Radeon RX 580 ya 8GB, nyakwawa ya makadi onse a amphawi.

Wamkulu sumutamanda usanadziwe kwawo. Kampani ya AMD inatulutsa khadili mu April 2017 pa mtengo wa madola 229. Analipangira anyamata osewera magemu, koma silinakhalitse m'manja mwawo. Chaka chomwecho anthu osaka ndalama ya pa intaneti yotchedwa Ethereum anatulukira kuti khadi limeneli limawerenga masamu awo msanga pa mtengo wochepa, ndipo anasesa m'mashopu. Anawandandalika makadiwo pa mashelefu achitsulo, asanu ndi limodzi apa, khumi apo, osazimitsidwa usana ndi usiku, pa ntchito imene eni ake amaitcha kukumba. Ambiri anakumba mpaka pa 15 September 2022, tsiku limene Ethereum inasintha kayendetsedwe kake n'kusiya kufuna makadi. Mgodi unatsekedwa tsiku limodzi. Antchito onse anauzidwa kuti azipita, opanda penshoni, ndipo pasanapite nthawi anayamba kutulukira pa AliExpress, pa eBay, pa Facebook, kenako m'zikwama za abale athu obwera kuchokera kunja. Choncho limene lili m'bokosi mwangamu ndi mtchona weniweni, ngati agogo athu aja anapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela n'kubwerako ndi chipewa, wailesi ndi chifuwa. Limatsokomola m'mawa, ndipo zimene linaona pansipo silikamba.

Musayembekezere kuti wogulitsa angavomere mbiri imeneyi. Pitani ku Limbe, pitani m'tauni ya Lilongwe, lemberani pa WhatsApp mnyamata aliyense wogulitsa zida, mumufunse ngati khadi lakelo linakumbapo. Adzakuyang'anani ngati mwatukwana malemu agogo ake. "Ayi akulu, ili ndiye loyera. Linali la mzungu wina wa ku bungwe, wangoligwiritsa ntchito miyezi iwiri, kontrakiti yatha ndiye akubwerera kwawo."

Mzungu ameneyu ndimamupatsa ulemu wapadera. Ndi yemwe uja anatisiyira firiji, sofa, njinga yokwerera mapiri ndi galimoto ya matayala atsopano. Wakhala akubwerera kwawo kuyambira ndili mwana, koma ndege yake sinanyamukebe. Lero tadziwanso kuti m'nyumba mwake munali ma RX 580 mazanamazana, ndipo lililonse analigwiritsa ntchito miyezi iwiri yokha. Ikakwana miyezi iwiriyo, ankakhala pansi n'kulithira fumbi la zaka zisanu ndi manja ake, kupinda timalata tozizira tija, kumatula sitika ya pa sikuluu, kuthyola kadzino kamodzi ka fani, n'cholinga choti ife ogula tisachite mantha ndi chinthu chatsopano. Mtima wotere ndi wosowa masiku ano. Dzina lake palibe analimvapo. Bungwe lake limasintha malinga ndi wogulitsa, lero la madzi, mawa la ana amasiye. Risiti anailongedza kale m'sutikesi. Ndipo poti makadi onse a m'dziko muno anali ake, zatsala n'zakuti migodi ya Ethereum ija inkakumbidwa ndi mizimu, chifukwa khadi lovomera kuti linakumbapo silinafikepo pamsika uliwonse.

Khadi lenilenilo ndiye silinama, ndipo apa ndi pamene ndimalikondera. Ukaliika n'kuyatsa, nthawi zina driver imakana kulowa, chifukwa okumba aja ankasintha BIOS ya khadi kuti igwirizane ndi ntchito yawo. Umafufuza BIOS yoyambirira n'kuibwezeretsa mtima uli m'mwamba, poti magetsi akathima ntchitoyo ili pakati, khadi limatha kugona osadzukanso. Makadi ena, monga Sapphire Nitro+, ali ndi kaswitchi ka BIOS yachiwiri, chifundo chimene opanga ake anatikonzera osatidziwa. Kenako umatsegula kapulogalamu kaulere kotchedwa GPU-Z, kamene sikadziwa za mzungu. RX 580 yeniyeni ili ndi ma shader 2304. Kakakuonetsani 2048, dziwani kuti mwagula ija analemba 2048SP, imene mphamvu zake ndi za RX 570, mng'ono wake, wangobwereka dzina la achimwene ake. Musakwiye. Amagwira ntchito nayenso, kungoti pa mtengo munayenera kutsitsa.

Tsono liwu lake. Pa Windows limakhala phee, mafani osazungulira n'komwe, mpaka mlendo amayamikira kuti kompyuta yanu ndi yofatsa. Tsegulani gemu masana a October, denga la malata likuthetheka, mumve. Limayamba ndi kung'ung'udza, kenako fani ya kumanzere, imene bering'i yake inatha kalekale, imalowetsa kakulira kake ka ngwee, ya kumanja n'kumavomera pansipansi. Mukafika pa penate ya mphindi yomaliza, nyumba yonse imadziwa kuti zinthu zavuta. Makadi atsopano a madola mazana angapo amagwira ntchito mobisa, osakuuza kuti atopa. Langali limalengeza thukuta lililonse. Mankhwala ake ndimawadziwa: kumasula masikuluu anayi a kumbuyo, kupala thermal paste wakale amene anauma gwa, kupaka watsopano pang'ono pakati, kupemerera fumbi, ndipo ngati ndalama ilipo kugula fani ina. Likatero kutentha kumatsika, phokoso n'kuchepa. Limangokhala chete mpaka fumbi la chilimwe litalowanso pa zenera.

Ubwino wina wa khadili ndi wakuti silikonda kukhala lokha m'nyumba yosakonzeka. Ambirife timayamba ndi kompyuta yakale ya muofesi, Dell OptiPlex kapena HP, ya purosesa ngati i5-4570 ya 2013, zimene mabungwe akunja amataya. Zichulukanso, poti Microsoft inasiya kusamala Windows 10 pa 14 October 2025 ndipo mapurosesa a zaka zimenezo Windows 11 siiwalandira. Makina amenewa ndi olimba, koma power supply yake ndi yaing'ono, yowerengera munthu wolemba malipoti. Polowetsa khadi pa motherboard pamatuluka mawati 75 okha. Anthu anzeru amagula GTX 1050 Ti ya 2016 kapena GTX 1650 ya 2019, zimene mitundu yake yambiri imakhuta ndi mawati 75 omwewo, n'kutseka bokosi, n'kuyamba kusewera tsiku lomwelo. Moyo wotero ndi wosasangalatsa. RX 580 imafuna mawati 185 ndi chingwe chakechake cha mapini 8, chimene m'kompyuta ya muofesi mulibe. Ndiye umagula power supply ina. Ukafika nayo umapeza kuti ma Dell ambiri a nthawi imeneyo ali ndi pulagi yawoyawo, ndiye umasaka adaputa. Adaputa ikapezeka, khadi limakana kulowa chifukwa ndi lalitali, likugunda pamene pamakhala hard disk. Ena amadula chitsulocho ndi sowo, ena amangochotsa chitseko cha bokosi n'kulisiya pululu. Unagula khadi lotsika mtengo kuti usunge ndalama, ndipo ilo lakuthandiza kuzindikira zinthu zina zinayi zimene sunkadziwa kuti ukuzifuna.

Pa power supply pokha ndisiye nthabwala kamphindi. Ija yolembedwa 500W koma yopepuka moti mwana amainyamula ndi zala ziwiri, musaiyandikire. Ikafa siifa yokha, imatenga khadi ndi motherboard. Funani ya dzina lodziwika, yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus, ngakhale zitanthauze kudikira malipiro a mwezi wina. Zotsalazo n'zosavuta: RAM ziwiri za 8GB zimathamanga bwino kuposa imodzi ya 16GB, DDR3 silowa pa malo a DDR4 ngakhale mukanikize bwanji, ndipo SSD yaing'ono imasintha makina kuposa chilichonse cha mtengo wake. Mwana wa aneba athu a kuseri anamva zonsezi, anagwedeza mutu, n'kukagula timagetsi ta mitundumitundu toika m'bokosi. Gemu imadumphadumpha, koma usiku zenera lake limaoneka kuchokera kumsewu.

Chimene chimandipweteka ndi mlandu umene khadili limasenza pa nkhani ya mayunitsi. Pa poloti pathu mita ndi imodzi, nyumba zingapo. Mayunitsi akangotha, maso onse amaloza khomo langa. Amayi eni nyumba amabwera atamanga chitenje m'chiuno. "Achimwene, chimakina chanucho chikutimaliza. Usiku wonse chikungolira, ndiye mukuganiza kuti chikudya chiyani?" Ndimawayankha mwaulemu kuti, "Amayi, kompyuta yonse ikakhala pa gemu imadya mawati pafupifupi 300. Yuniti imodzi imanditengera maola atatu ndi kupitirira." Sindiwonjezera kuti hotplate ya mawati 1,000 imamaliza yuniti yomweyo pa ola limodzi, ndiponso kuti nyemba zimene zimanunkhira kuchokera ku nyumba ya pakati siziphikidwa pa makala. Hotplate ili ndi nzeru, imadya mwakachetechete, pansi pa bedi, chitseko chotseka. Ayironi ya bambo a nyumba yakumapeto, amene amasita ngakhale masokosi, nayonso palibe anaiimbapo mlandu. Wolakwa pa poloti ndi amene amamveka. Pa chopereka cha mwezi ndimaonjezerapo kenakake kuti mtendere ukhalepo, ndipo kenakakeko ndikudziwa kuti kamaphika nyemba.

Nanga magetsiwo akamabwera, amabwera mwaulemu? Akuluakulu ena osaoneka, amene dzanja lawo lili pa switchi ya tonsefe, amatulutsa ndandanda ya maola othimitsa, yolembedwa bwino, ya mizere yowongoka. Ndimaisunga pa foni chifukwa imandiuza nthawi imene magetsi sadzathima. Akathima, amasankha pamene gemu sinasungidwe. Akabwera, amabwera ndi ukali, kuphethira kawiri, kuchoka, kubweranso, ndipo amene alibe kachipangizo kotchinjiriza pa soketi amamva kafungo kamene aliyense wokonza makompyuta amakadziwa. UPS yokwanira makina a mawati 300 mtengo wake umapikisana ndi khadi lenilenilo. Khadi langa lapirira zonsezi. Ku mgodi linkagwira ntchito yakalavulagaga, inde, koma magetsi ake sankaphethira. Ukalamba wake wadzathera kuno, kumene limadzutsidwa ndi kugonekedwa mosauzidwa.

Pali ulemu umodzi umene dziko lathu lalipatsa. Kunja mtengo wake umatsika chaka ndi chaka, monga zimakhalira ndi zinthu zakale. Kuno, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, khadi lomwelo, la fumbi lomwelo, linadzuka m'mawa litakwera mtengo. Mnzanga amene anaitanitsa lake kunja anakumana ndi bwana wina pa kauntala pomwe maphukusi amadutsira. Bwanayo analitembenuza uku ndi uku, anazunguza fani ndi cholembera, n'kufunsa ngati ndi chitofu cha magetsi kapena chida cha galimoto. Mnzangayo anafotokoza mpaka kukhosi kuuma. Ine ndikuti bwanayo anali ndi diso. M'nyengo yozizira ya June ndi July, ikani mapazi pafupi ndi bokosi lopanda chitseko lija, mudzavomereza kuti pa chitofu paja sanaphonye kwenikweni.

Sindikunena kuti limatha zonse. Magemu ena atsopano, monga Indiana Jones and the Great Circle ya 2024, amafuna ray tracing ya m'khadi momwemo, ndipo akaona RX 580 satsegula n'komwe chitseko. Khadi silidandaula. GTA V, imene inafika pa kompyuta mu 2015, limaiyendetsa pa 1080p mosatekeseka, mpira wa FIFA nawonso chimodzimodzi, ndipo pa poloti pathu palibe amene anapemphapo zoposa pamenepo.

Umboni ndi bambo osita masokosi aja. Masana pa msonkhano wa mayunitsi amalankhula kwambiri kuposa onse, mpaka kunena kuti zidole za ana zisamalumikizidwe ku mita ya anthu akuluakulu. Loweruka madzulo amagogoda. "Aneba, ndangobwera kudzaona chimene chikulirachi." Amakhala pampando, amalandira controller ngati akukakamizidwa, amasankha Manchester United, ndipo sanyamuka mpaka akazi awo atatuma mwana kachiwiri. Zigoli zimene amamwa sindingaziulule, ndi munthu wa banja lake. Iwo amati fani ya kumanzere ija imawasokoneza pomenya penate, ndipo andiuza kuti ndikaikonze Loweruka lisanafike, apo ayi nkhani ya mayunitsi aidzutsanso.