Ndagi za ku intavyu

M'zaka za m'ma 1990, wofuna ntchito yolemba mapulogalamu ku Microsoft ankafika atachezera mabuku usiku wonse, bwana n'kumufunsa kuti: bwanji zivundikiro za maenje a suweji mumsewu zili zozungulira? Yankho lomwe mabwanawo ankafuna n'lakuti chozungulira sichigwera m'dzenje lake ngakhale uchitembenuze chotani. Akuti wina anangoti, "Poti dzenjelo n'lozunguliranso, bwana." Ameneyo ine ndikanamulemba pompo.

Funso lina linali lakuti phiri la Fuji ungalisunthe bwanji. Linatchuka mpaka William Poundstone anatcha nalo buku lake mu 2003. Buku litafika m'masitolo, anthu analoweza mayankho, ndipo wanzeru anasanduka uja wagula buku.

Google nayo inali ndi ndagi yake: timipira ta gofu tingati tingakwane m'basi ya ana asukulu? Mabwana ankati akufuna kuona mmene munthu amaganizira. Akanafunsa wokwera minibasi ya ku Ndirande, akanati, "Zitengera kondakitala, bwana. Ikadzadza, malo a awiri amakhalapobe."

Mu 2013, Laszlo Bock, mkulu woona za antchito ku Google komweko, anauza nyuzipepala ya New York Times kuti mafunso oterewa ndi kutaya nthawi chabe: sasonyeza amene adzagwire bwino ntchito, amangothandiza wofunsayo kudzimva wanzeru.

Mayeso amene amagwiradi mbava ndi ooneka achibwana. Mu 2007 wolemba mapulogalamu wina, Imran Ghory, analemba za FizzBuzz: uuze kompyuta ilembe manambala kuyambira 1 mpaka 100, koma pa nambala yogawika ndi 3 ilembe Fizz, yogawika ndi 5 ilembe Buzz, yogawika ndi zonse ziwiri FizzBuzz. Basi. Ghory anati ambiri a madigiri a kompyuta ankakanika. Apa palibe pobisala, pakuti wauzidwa kuchita ntchito yeniyeniyo, ndipo pa 15 ndi pomwe thukuta limayambira.

Komabe nawo mayeso olemba pulogalamu pabolodi amaphonya. Mu 2015, Max Howell, amene anapanga Homebrew, pulogalamu yomwe olemba mapulogalamu ambiri amaika pa makompyuta a Mac, anadandaula pa Twitter kuti Google yamukana chifukwa analephera kutembenuza binary tree (njira ina yosanjira zinthu mu pulogalamu) pabolodi. Mwinatu amene anamukanawo atabwerera pampando anatsegula Homebrew n'kupitiriza ntchito.