Tsabola Wakale Sawawa, Koma Mkuwa Wakale Amauotcha

Mwambi uja wakuti tsabola wakale sawawa masiku ano wasanduka chikwapu cha achinyamata. Mkulu akangoti "ife m'nthawi yathu", mwana wauponya kale, maso ali pa foni, osadzutsa n'komwe mutu. Foni ya chaka chatha ndi tsabola wakale. Nyimbo ya mwezi wathawu ndi tsabola wakale. Ngakhale uthenga wa pa WhatsApp ukagona usiku umodzi osawerengedwa, m'mawa mwake umakhala utasukuluka.

Koma ku Britain kuli mtundu wina wa anthu umene mwambiwu sunaufike, ndipo ukadaufika akadaukana sipanala ili m'manja. Ndi madoda aimvi amene amasunga njinga zamoto za BSA, Triumph ndi Norton zopangidwa m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Fakitale ya BSA ku Small Heath, mu mzinda wa Birmingham, inasiya kalekale kupanga njinga, ndipo ya Triumph ku Meriden inatsekedwa mu 1983. Madodawa alibe nazo ntchito zimenezo. Loweruka lililonse amadzitsekera m'tinyumba ta kuseri, pansi atayala makatoni oti oyilo azidonthera, n'kumakangana za kachinthu kopyapyala kotchedwa gasiketi.

Gasiketi imene ndikunena ndi ya pakati pa hedi ndi silinda. Pamenepo ndi pamene petulo amaphulikira, ndiye kachinthuka kamayenera kutsekera moto m'kati, oyilo n'kumusiya ayende m'njira yake. Vuto n'lakuti pa njinga zambiri za nthawi imeneyo hedi ndi ya aluminiyamu pomwe silinda ndi yachitsulo, ndipo aluminiyamu ikatentha imafutukuka pafupifupi kuwirikiza kawiri kuyerekeza ndi chitsulo. Awiriwa anamangidwa pamodzi ndi mabawuti, koma mtima ndi wosiyana: wina sachedwa kupsa mtima, mnzakeyo amatentha mochedwa n'kuziziranso mochedwa. Banja lotere silikhala popanda ankhoswe. Gasiketi ndiye nkhosweyo, amene amakhala pakati, kupanikizidwa uku ndi uku, ndipo zinthu zikamayenda bwino palibe amamukumbukira.

Pa Triumph Bonneville, imene inatuluka mu 1959, nkhosweyo ndi mkuwa wokhawokha. Tingoti poti m'zaka zimenezo Britain ankagula mkuwa wambiri ku migodi ya ku Zambia, sindingadabwe ngati ena mwa ankhoswewa kwawo kuli ku Kitwe. Mkuwa watsopano umakhala wofewa. Ukaupanikiza umalowa m'timikwingwirima tonse ta hedi ndi silinda n'kutseka. Koma kupanikizidwa komweko n'kumene kumauumitsa. Ukaweruza milandu kwa zaka zingapo umauma gwa, sumvanso za wina aliyense, ndipo ukaubwezera mu injini uli choncho, moto umadutsa pambali pake ukuimba likhweru. Apa mwambi wanena zoona: tsabolayo wasukuluka.

Mnyamata wa masiku ano amautaya n'kuitanitsa wina pa intaneti. Mdala wa njinga yakale amauotcha. Amautenthetsa ndi moto wa gasi mpaka utafiira psuu, mbali zonse mofanana, akusamala kuti asapitirize, poti mkuwa umasungunuka pa madigiri 1,085 ndipo gasiketi yopyapyala sichedwa kubooka. Kenako amauviika m'madzi, tsaa! Amene anazolowera zosula makasu ndi nkhwangwa pano amagwira pakamwa, chifukwa chitsulo ukachiviika m'madzi chili chofiira chimalimba. Mkuwa suli choncho. Kaya uuviike, kaya uusiye uzizire wokha, umatuluka wofewa. Madziwo amangothandiza kusendula makoko akuda aja. Ukautsuka bwino umabwerera pa ntchito ngati sunaweruzepo mlandu. Ndimaganiza za ankhoswe ena a kwathu amene anauma mutu mu ulamuliro wa Kamuzu, amene mlandu uliwonse amaugamula ndi "pirirani, mayi", koma malamulo a dziko salola kuti munthu aikidwe pa mbaula.

Tisanawaombere m'manja madodawa, pali mtundu wina wa gasiketi umene mwambi umaupha ndithu. Ndi ija yopangidwa ndi zinthu zosakaniza, yooneka ngati chikatoni cholimba, yokhala ndi mkombero wachitsulo kuzungulira bowo la silinda. Eni Norton Commando ambiri amaikonda poti imagwira oyilo kuposa mkuwa. Koma imeneyi ndi ya ulendo umodzi. Ikapanikizidwa yapanikizidwa, ndipo ukaiotcha upeza phulusa. Zakale zambiri za mtunduwu zinali ndi asibesitosi, amene fumbi lake limawononga mapapo, ndipo Britain anamuletseratu mu 1999. Komabe mupeza munthu wophunzira bwino akulipira ndalama zambiri kugula gasiketi imene yagona m'shelefu kuyambira 1968, chifukwa choti envelopu yake ili ndi chizindikiro chenicheni cha fakitale. Ameneyo akugula envelopu.

Mdani weniweni wa njinga zimenezi, kwa ine, si ukalamba. Ndi silikoni. Chubu chimodzi cha phala lofiira kapena labuluu chimamupatsa munthu mtima woti palibe chibowo padziko lapansi chimene sangachitseke. Amapaka mbali zonse ziwiri za gasiketi mowolowa manja, n'kumanga. Phala lofinyikira kunja amalipukuta ndi chala, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono kuti ayamikire ntchito yake. Lofinyikira m'kati saliona. Limenelo limauma, limaduka timizere, limayenda ndi oyilo mpaka kukatseka kanjira kopita ku mabeyaring'i, ndipo injini imene inapulumuka eni ake asanu ndi nyengo zachisanu makumi asanu imafa ndi chikondi cha mwini wake wachisanu ndi chimodzi. Tili m'nyengo ya silikoni paliponse. Khoma likang'ambika timapaka penti. Msewu ukakumbika timathira dothi mlendo wolemekezeka asanadutse. Chithunzi chikaonetsa makwinya foni imasalaza yokha. Akatswiri enieni, akafuna kupaka kanthu, amapaka pang'onong'ono kuzungulira mabowo a oyilo basi, ndipo ambiri amasankha Hylomar, mankhwala abuluu osauma amene anayambira ku Rolls-Royce.

Ndipo nthawi zambiri gasiketi imangonamiziridwa. Hedi ya aluminiyamu imene yatentha ndi kuzizira kwa zaka 60 imapindika pang'ono, mwakuti maso sangaone. Amaiyesa poiika pa galasi lochindikala, ndipo ngati kupindikako n'kochepa amayala sandipepala wosalala pagalasipo n'kumaikhutiza mozungulira ngati akulemba 8, mpaka nkhope yonse itafanana. Ntchito yake ndi yotopetsa, yosati n'kuijambula n'kuika pa Facebook. Koma kupala nakonso kuli ndi malire, poti chilichonse chimene wachotsa pa hedi, kapena kuchepetsa pa kuchindikala kwa gasiketi, chimakweza mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya. A Norton eni ake anaziona mu 1972 ndi injini yotchedwa Combat. Anapala pafupifupi milimita imodzi pa hedi, kupanikiza kuja kunafika pa 10:1, anasinthanso zina kuti njinga izithamanga. Inathamangadi, kuthamangira ku galaja, mabeyaring'i a pansi atatha msanga.

Kumanga mabawuti nako kuli ndi mwambo wake. Sumayamba mbali imodzi n'kumazungulira ngati ukugawa nsima pa maliro. Umayambira pakati, n'kumadumpha mopingasa, pang'onopang'ono, maulendo angapo, ndi sipanala yoyezera kulimba. A Triumph anayamba ndi mabawuti 8 pa hedi, mu 1963 anawonjezera lachisanu n'chinayi, ndipo pofika 1973, pa injini ya 750cc, anali 10; zikuoneka kuti mboni zinkachepa. Masipanala a mamilimita amene amakaniko a njinga za kabaza amagwiritsa ntchito sakwana pa njinga zambiri zakalezi, chifukwa mitu ya mabawuti ake ndi ya muyeso wa Whitworth. Ukakakamiza, nati imasanduka yobulungira ngati ndalama yachitsulo. Ukamaliza umailiza injini, kuisiya izizire usiku wonse, n'kumanganso. Ukayenda makilomita ngati 800, umamanganso. Nkhoswe yabwino imabwerako pakapita mwezi kudzaona ngati anthu akulankhulana.

Kuli njinga zina, monga za Vincent zopangidwa ku Stevenage mpaka 1955, zimene zinalibe gasiketi pa hedi n'komwe. Hedi ndi silinda ankazikhutiza pamodzi ndi phala lopalira mpaka zitagwirana zokha. Mabanja otere aliko, timangowamva, ndipo mtengo wa Vincent lero ungagule nyumba.

Ena onsewo, mdala akamaliza kuotcha, kupala, kumanga ndi kumanganso, amatulutsa Triumph yake Lamlungu m'mawa, kuyenda nayo mpaka kukamwa tiyi, pobwera n'kupeza kadontho ka oyilo kakutsetsereka pa silinda. Kawirikawiri kamakhala kachokera pa timalabala ta timapaipi tiwiri timene tili kutsogolo ndi kumbuyo kwa silinda, timene timafuna kupanikizidwa mwa muyeso wake, ndipo muyesowo umasokonekera hedi ikapalidwa kapena gasiketi ikasintha kuchindikala. Kuti usinthe kalabala kamodzi, kotchipa kuposa tiyi anamwa uja, hedi yonse iyenera kutsikanso. Mkazi wake akamaitana kuti chakudya chapsa, bamboyo amakhala akufunafuna machesi.