Kalata kwa Kaundula wa M'chipinda cha Odwala

Okondedwa a Kaundula,

Ndabwera kudzapempha chilolezo. Ndikufuna kutenga zina mwa zimene mwasunga kuti ndilembe nkhani yoti ituluke m'magazini ya akatswiri a zaumoyo, ndipo sindingayambe ndisanakuuzeni, pakuti zambiri zimene ndikudziwa za thanzi la ana a sukulu ino zili m'masamba anu.

Ena amakuonani ngati buku wamba lachikuto cholimba, logulidwira pamodzi ndi choko. Mizere yanu ndinaijambula ndekha: tsiku, dzina, fomu, chodandaula, chithandizo, kenako ngati mwanayo wabwerera m'kalasi kapena watumizidwa kuchipatala. Mzere umodzi sunena zambiri. Koma ndikawerenga teremu yonse nthawi imodzi, mumandiuza zimene sindinazione pamene ndinali kalikiliki ndi mwana mmodzimmodzi. Mvula ikakhazikika, kuyambira Januwale mpaka Epulo, malungo amadzaza masamba anu ndipo mankhwala a LA amatha msanga m'kabati. Mphere zimabuka nthawi imene madzi avuta kuhostelo ndipo ana akubwerekana zofunda. Atsikana ena amabwera mwezi ndi mwezi atagwira m'mimba, ndipo panado amene ndimawapatsa ndi gawo chabe la zimene akusowa. Akufunanso mapadi ndi malo osinthirapo okhala ndi chitseko. Mayeso a MSCE akayandikira, odandaula mutu ndi kusowa tulo amachuluka, ngakhale thupi silikutentha. Zonsezi timazidziwa inu ndi ine basi, ndipo ndikuona kuti si bwino kuti zithere m'kabati.

Anamwino ambiri tinazolowera kuganiza kuti kulemba m'magazini otere ndi kwa madokotala ndi aphunzitsi a ku Kamuzu University of Health Sciences. Ndikatsegula Malawi Medical Journal ndimaphunzira zambiri, koma ana amene ndimakumana nawo kawirikawiri m'menemo ndi amene anafika kale kuchipatala. Mwana wa mphumu amene amabanika akasesa m'kalasi ya fumbi, kapena wa khunyu amene anzake amamuthawa akagwa poopa kuti awapatsira, amathera pa inu. Ndikapanda kumulemba ine, adzamulemba ndani?

Amene amandilimbitsa mtima ndi namwino Lina Rogers. Mu 1902 mumzinda wa New York, ana opezeka ndi matenda opatsirana ankangobwezedwa kunyumba, ambiri osalandira chithandizo. Iye anayamba kuwasamalira pasukulu pomwepo ndi kuyendera makolo awo, ndipo mu 1917 anatulutsa buku lotchedwa The School Nurse. Ntchito yathuyi inadziwika chifukwa wina anaigwira n'kuilembanso. Kwathu kuno, ku Zomba, aphunzitsi a sukulu za pulayimale anaphunzitsidwa kuyeza malungo ndi kupereka mankhwala, ndipo ine ndinazidziwa chifukwa ochita kafukufukuyo anasindikiza zimene anapeza. Ndimakumbukiranso Januwale wa 2023, pamene boma linachedwetsa kutsegulira sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha kolera. Opanga ziganizo zolemera chotero amafunika kumva kwa ife amene timadziwa kuti ana amasamba m'manja pati ndipo amamwa madzi otungidwa kuti.

Komabe ndikudziwa chimene chingakudetseni nkhawa. Mwasunga zinsinsi zimene ana anandiuza monong'ona chitseko chili chotseka. Muli mtsikana amene anazindikira kuti ali ndi pakati asanauze mayi ake. Muli mnyamata amene amadzamwera ma ARV m'chipinda muno kuti anzake akuhostelo asaone botolo. Ndikulonjeza kuti palibe dzina lidzatuluke, ndipo kuchotsa dzina kokha sikukwana: fomu, zaka ndi mudzi zikaikidwa pamodzi, munthu wa pano akhoza kuloza mwanayo ndi chala. Ndidzalemba za gulu, osati za munthu. Ndidzayamba ndapempha ahedi ndi komiti ya makolo, ndipo pempho langa lidzapita ku National Health Sciences Research Committee, yomwe imaona ngati kafukufuku akulemekeza anthu amene akukhudzidwa. Akakana gawo lina, ndidzalisiya.

Ndikulonjezanso kuti sindidzakunamizirani. Masiku amene tinalibe zoyezera magazi ndinalemba kuti ndikuganizira malungo, ndipo m'nkhanimo zidzakhala choncho. Inu mumawerenga ana okhawo amene anagogoda pachitseko. Amene anapirira m'kalasi kapena anagula mankhwala paokala simuwadziwa, ndipo owerenga ndidzawauza zimenezi poyera. Akonzi adzatumiza nkhaniyo kwa akatswiri ena kuti aiunike, ndipo mwina idzabwerera yodzaza ndi mafunso, kapena yokanidwa. Ndidzaikonza n'kuitumizanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sindiyamba ndi zazikulu. Ndasankha nkhani ya mphere ndi madzi, chifukwa ndi imene masamba anu akuifotokoza momveka bwino, komanso ndi vuto limene sukulu ingathe kulikonza ikakhulupirira umboni. Ndidzailemba madzulo, odwala akachepa, m'Chingerezi chosavuta.

Muli ndi anzanu m'makabati a sukulu zina zogonera komweko, kuyambira ku Karonga mpaka ku Nsanje, ndipo umboni wa sukulu imodzi ndi wochepa. Choncho anamwino ndi amatroni amene muwerenge kalatayi, tsegulani akaundula anu, muwerenge ana amene anadwala mphere chaka chathachi, ndipo tilembe nkhaniyi limodzi.

Ine wanu modzichepetsa,
Namwino wa pasukulu