Dzuwa likavala mphete, Chawama yonse imasanduka aneneri

Palibe komboni yokhala ndi akatswiri a zakuthambo ambiri ngati Chawama, ndipo ine ndine mmodzi wa iwo, ngakhale kuti sayansi ndinasiyana nayo ku giredi 9 osatsanzikana. Dzuwa likangozingidwa ndi mkombero masana, tonse timatuluka, foni m'mwamba, misozi ili chuchuchu. Ba kondakitala amati boma ligwa, amayi a vitumbuwa amati Yesu ali pakhomo, aneneri a pa WhatsApp amati anaziona kale m'masomphenya, kungoti anaiwala kutiuza. Yanga mfundo ndi yosakoma m'khutu: mkomberowo ndi madzi oundana, ndipo aliyense amene ali ndi dzanja angauzindikire popanda kufesa mbewu kwa mneneri.

Tambasulani mkono, mutanyule zala, chala chachikulu chibise dzuwa. Ngati kachala kakang'ono kakufika pafupi ndi mphepete mwa mkombero, ndiye uja wamba wa madigiri 22, umene umaonekanso pa mwezi usiku. Umabwera mitambo yopyapyala ya m'mwamba kwambiri ikayala kuthambo. M'mitambomo muli tizidutswa ta madzi oundana ta mbali zisanu ndi imodzi ngati pensulo ya mwana wasukulu, ndipo kuwala kukalowa mbali imodzi kumatulukira ina kutakhota. Wansembe wa ku France, Edme Mariotte, anafotokoza zimenezi m'zaka za m'ma 1600, ife mpaka lero tikukanganabe pa kantemba. Amene amati ndi utawaleza wosochera ayang'ane mitundu: pa mkombero kufiira kuli m'kati, pomwe pa utawaleza kuli kunja, ndipo utawaleza umauona utafulatira dzuwa. Timphete tating'ono tomata padzuwa penipeni n'tina, timachokera ku timadontho ta madzi. Ulipo mkombero wina waukulu kuwirikiza kawiri, wa madigiri 46, wofooka ndi wosowa. Nanga mawanga awiri owala kumanja ndi kumanzere kwa dzuwa m'mawa kapena madzulo? Ndi tizidutswa tomweto, tophwatalala, tikamagwa titagona chafufumimba m'malo moimirira.

Wina anena kuti: iwe, madzi oundana mu Okutobala wa Lusaka, pamene malata akuwotcha mpaka buluzi akukana kukwera? Funso ili ndimalilemekeza, chifukwa likuchokera kwa anthu amene mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, ankakhala pafupifupi tsiku lonse opanda magetsi, mafiriji n'kusanduka makabati osungira mapoto. Koma mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 ndi theka pa kilomita iliyonse imene wakwera. Pansi pano pakakhala 32, pa makilomita 8 m'mwamba pali pafupi ndi 20 kunsi kwa ziro. Ayezi alipo wambiri pamwamba pa Chawama, waulere, kungoti ali kumene wogulitsa mafirizisi sangafike.

Chotsutsa cholimba ndi china: mkombero unaoneka, ndipo sabata lomwelo kunagwa maliro. Zoona. Koma komboni yodzaza chonchi, ndi sabata liti limene galimoto ya maliro siidutsa kupita ku Leopards Hill kapena ku Chingwere? Tenti timaiona ngakhale kumwamba kuli mbee, koma pamenepo palibe amene amaloza dzuwa. Matenda olosera sitinayambe ndife. Mu Febuluwale 1461, ku Mortimer's Cross ku England, asilikali anaona madzuwa atatu m'mawa, dzuwa ndi mawanga awiri aja, n'kuchita mantha. Mtsogoleri wawo Edward anawauza kuti ndi chizindikiro cha Utatu Woyera, anapambana nkhondoyo, ndipo patapita mwezi umodzi anakhala mfumu Edward IV. Chimene nkhaniyi siinena mokweza n'chakuti adani ake anali pansi pa thambo lomwelo, ndipo mmodzi wa akuluakulu awo, Owen Tudor, anadulidwa mutu. Chimodzimodzi kuno: mkombero umene ife timati waima pa msika wa Chawama, wa ku Kabulonga amauona pamwamba pa dziwe lake losambira. Ngati ndi uthenga, adiresi yake sinalembedwe bwino. Ngakhale kadamsana wa pa 21 Juni 2001, pamene Lusaka inada masana kwa mphindi zitatu, akatswiri anali atanena tsiku ndi ola lake zaka zambiri zisanafike, ndipo dzuwa linabwerako osagwetsa aliyense pampando.

Chimene ndingavomere ndi cha agogo athu, amene ankati mkombero umaitana mvula. Apa pali kanthu, chifukwa mitambo yopyapyala ija kawirikawiri imachokera pamwamba pa mitambo yamabingu n'kuuluzidwa ndi mphepo patsogolo. Koma si lonjezo. Nthawi zina imangodutsa, ndipo a Zambia Meteorological Department salosera nyengo poyeza ndi zala ngati ine. Komabe kwa ife amene mvula imatichezera mpaka kuchipinda, amene tikukumbukira kolera wa kumayambiriro kwa 2024 odwala atadzaza ku Heroes Stadium, ngakhale chenjezo lofooka n'lokwanira kuti munthu atenge fosholo akafukule ngalande ya pakhomo pake. Ine ndine woyamba kuvomereza mfundo imeneyi, ndipo fosholo ndiigwira ndikangomaliza kufotokozera anzanga za madigiri 22.